Azamba a m'zipatala aziyenderedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za azamba a m'zipatala zing'onozing'ono kuno ku Zomba. Mwezi watha ndinkadikirira mng'ono wanga pa chipatala china chakumudzi. Usiku wonse mzamba anali mmodzi, amayi omva kupweteka anayi, magetsi atazima. Ankamvetsera mtima wa mwana ndi kachitoliro kaja, tochi ya foni ataluma kukamwa. Mzambayo anayesetsa ndithu, sindikumunena. Koma mng'ono wanga atachira n'kuyamba kutaya magazi, panalibe wina woti tim'itane. Anapulumuka mwa chisomo cha Mulungu.

Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ati tonse tizikachirira kuchipatala. Tinamvera, mwinanso mafumu ankalipiritsa mbuzi mayi akachirira pakhomo. Nanga kuchipatalako amayang'anira ndani?

Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limalembetsa azamba, kuwapatsa ziphaso komanso kulanga olakwa. Koma ofesi yake ili ku Lilongwe, ndipo mayi wa ku Chisi kapena ku Chingale sadziwa n'komwe kuti angakadandaule kumeneko. Ndikupempha akuluakulu a bungweli ndi a ofesi ya zaumoyo m'boma lino kuti azifika mwadzidzidzi, ngakhale usiku, aone ziphaso, awerenge azamba amene ali pantchito, afunsenso amayi amene agona pa mphasa m'nyumba yodikirira. Nambala yoimbira madandaulo ailembe m'Chichewa pakhomo la chipinda chochirira.

Mayi wodandaula,
Zomba