Mnofu wa kumsana ungathandize mtima, koma usagwiritsidwe thangata

Akonzi,

Tikupempha malo kuti tifotokoze za opaleshoni yobwereka mnofu wa munthu mwini kuti uthandize mtima wofooka. Ambiri amati njirayi inalephera. Ife tikuti mnofuwo unkagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso.

Mnofu wake ndi latissimus dorsi, wotambalala kumsana kuchokera m'khwapa kutsika mpaka m'chiuno. Dokotala amaumasula konse, kusiya m'khwapa mokha, momwe mumadutsa mtsempha wake wa magazi ndi wa mauthenga. Akachotsa kachidutswa ka nthiti yachiwiri, amaulowetsa m'chifuwa n'kukulunga mtima. Alain Carpentier ndi Juan Carlos Chachques anayamba kuchita izi pa munthu mu 1985 ku chipatala cha Broussais ku Paris.

Koma mnofu wa pa fupa umatopa m'mphindi zochepa, pomwe mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku. Mu 1976 Stanley Salmons ndi Frank Sreter anasonyeza kuti mnofu ukamatakasidwa ndi magetsi ochepa kwa milungu ingapo, umasanduka wosatopa msanga. Choncho ukakulungidwa umapumitsidwa milungu 2 kuti uchire, kenako kachipangizo konga pacemaker (kamakina kamagetsi kowongolera kagundidwe ka mtima) kamauphunzitsa kwa milungu pafupifupi 8, kuyamba ndi kuutakasa ndi magetsi kamodzi mpaka ka 6 motsatizana. Kawirikawiri umafinya kamodzi mtima ukagunda kawiri.

Apa m'pomwe panagona vuto. Pomasula mnofu timitsempha tochokera pakati pa nthiti timadulidwa, ndiye mbali yakumunsi, yomwe ndiyo imakuta mtima, imaperewedwa magazi. Ukawonjezapo kuutakasa usana ndi usiku, mphamvu zimatsika, umachedwa kufinya, ndipo pakapita zaka malo ena amasanduka mafuta ndi zipsera. Ku Padua, Italy, anayesa kuupumitsa wodwala akagona, ndipo unasunga liwiro lake. Zimatiwawa kuti phunziro limeneli linabwera anthu atayamba kale kutaya mtima.

Gulu la Larry Stephenson ku America linatsata njira ina pa agalu: kupinda mnofu womwewo kukhala kathumba, kudikira milungu 3, kuuphunzitsa, kenako kulumikiza kathumbako ku aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu mtima, kuti kazipopa magazi pa nthawi imene mtima wamasuka. Mu galu mmodzi kanapopa zaka zoposa 4. Mwa ena magazi ankaundana m'kati kapena kathumbako kankaphulika, ngakhale kuyala chikopa chokuta mtima m'kati mwake kunachepetsa kuundanako.

Odwala asamve ngati thandizoli likupezeka kuchipatala lero. Wodwalitsitsa sangadikire miyezi iwiri kuti mnofu uphunzire. Komabe thupi silikana mnofu wake, ndipo palibe chingwe chotulukira pakhungu monga zilili ndi mapampu a batire othandiza mtima, pomwe majeremusi amalowera. Pa zifukwa ziwirizi tikupempha ofufuza ayambirenso kuyesa pa nyama, mnofuwo ukupatsidwa maola opuma tsiku lililonse.

Ife,
Madokotala ophunzitsa za opaleshoni ya mtima