Magulu olimbitsa thupi asiye kuweruza matupi a amayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za magulu olimbitsa thupi a pa WhatsApp amene amayi ambiri muno mu Mzuzu talowa. Gulu lathu ndi limene limandidzutsa m'mamawa kuti ndikathamange ku Katoto ngakhale m'chisanu cha mwezi wa June, choncho sindikulemba ngati munthu wodana nawo.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chotumiza zithunzi sabata iliyonse, china chakale china chatsopano, pamodzi ndi kulemera kwa munthu pa sikelo. Amene mimba yake yaphwa amaomberedwa m'manja, koma amene sanasinthe palibe womuyankha, ndipo pakapita milungu ingapo amatuluka m'gulumo mwakachetechete. Mayi wina woyamwitsa anandiuza kuti anasiya kudya nsima madzulo chifukwa chochita manyazi ndi chithunzi chake, chikhalirecho mwana wake sanakwanitse ndi miyezi isanu yomwe.

Mayi wa kuno amaweruzidwa kawiri. Akachepa thupi, apongozi kumudzi amafunsa ngati akudwala kapena ngati banja lavuta, pakuti kwathu kunenepa kumasonyeza kuti munthu akusungidwa bwino, ndipo manong'onong'o a m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkapulula anthu, sanatheretu. Akanenepa, foni imamuonetsa matupi a akazi a ku Johannesburg ndi London, amene zithunzi zawo zambiri zimakhala zitakonzedwa kuti chiuno chioneke chaching'ono.

Mu 2021, Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Facebook, anaulula kafukufuku wamkati wa kampaniyo, momwe atsikana 32 mwa 100 alionse ananena kuti akakhala osakondwa ndi matupi awo, Instagram, yomwe ndi tsamba la zithunzi la kampaniyo, imawonjezera kukhumudwa kwawoko. Awo anali atsikana akunja, koma sindikuona chifukwa choganizira kuti mtima wa mayi wa ku Chibavi ndi wolimba kuposa wawo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata pofuna kupewa matenda monga a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndikupempha oyendetsa maguluwa kuti aziwerenga mphindi zimenezi m'malo mwa makilogalamu, asakakamize aliyense kutumiza chithunzi, ndipo achotse anthu amene amalowa m'magulu athu n'cholinga chotigulitsa tiyi amene amati ndi wochepetsa thupi.

Mayi wokhudzidwa,
Katoto, Mzuzu