Mphwanga wosamva wavomera mlandu wa kuba moopseza popanda womasulira

Alangizi,

Ndikulemba ngati malume, mwini mbumba. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 24, ali pa rimandi. Bwalo la majisitireti lamupeza wolakwa, chatsala ndi chilango. Mnyamatayu samva ndiponso salankhula chibadwire. Amasuta chamba, ndipo kachasu adamulowerera moti tsiku limene sanamwe manja amanjenjemera.

Iye ndi anzake awiri adathyola usiku nyumba ya mayi wina wogulitsa nthochi, n'kutenga batire la sola, foni ndi ndalama. Mmodzi mwa anzakewo ndiye adatema mayiwo pamkono ndi chikwanje. Mayiwo mpaka pano amaopa kugona m'nyumba mwawo, choncho sindikupempha kuti mphwangayu angotulutsidwa ayi.

Kulemera kwa mlanduwu ndikukudziwa. Gawo 301 la malamulo a milandu ya upandu limaika zaka 14 pa kuba moopseza, koma ngati panali chida, kapena wakubayo anali ndi mnzake, kapena munthu wavulazidwa, chilango chimatha kufika moyo wonse kundende ngakhalenso kunyongedwa. Apa zitatu zonsezi zilipo. Zoti sadagwire chikwanje sizimupulumutsa, poti gawo 22 limati ogwirizana kuchita choipa amasenzera limodzi. Kuledzera mwa kufuna kwako nakonso, malinga ndi gawo 13, si podzitetezera.

Chikundisowetsa tulo ndi mmene adavomerera mlandu. M'khothi munali womasulira Chingerezi ndi Chichewa yekha, wa chinenero cha manja munalibe. Atamuwerengera mlandu adagwedeza mutu, zikalembedwa kuti wavomera. Komatu mnyamatayu amagwedezera mutu aliyense womuyang'ana kumaso. Gawo 251 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limafuna kuti bwalo litsimikize kuti munthu akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake, ndipo gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limamupatsa ufulu wa womasulira wolipiridwa ndi boma. Vuto linanso n'lakuti sadaphunzire kusukulu ya ana osamva ngati ya Mountain View ku Bvumbwe. Manja amene amalankhulira ndi apakhomo, amene amawamva bwino ndi mayi ake okha. Kodi bwalo lingalole mayi ake kuthandizana ndi womasulira, ngakhale ndi m'bale wa woimbidwa mlandu?

Tikapempha kuti kuvomerako kufafanizidwe chilango chisanaperekedwe, tikhoza kutaya mwayi wochotseredwa zaka, umene kwa wovomera mlandu umatha kufika gawo limodzi mwa atatu. Ndipo umboni ulipo, foniyo adaipeza m'thumba mwake. Tingokhala chete kuti zaka zichepe, kapena tilimbe pa ufulu wake?

Pa kupempha chifundo, tili ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo aka n'koyamba kupalamula. Ndikudziwa kuti gawo 340 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limakomera opalamula koyamba, koma pa mlandu wa chikwanje sindikuyembekeza kuti angapewe ndende. Za kachasu ndi chamba ndiye zandiimika mutu: woweruza wina angaone munthu wodwala wofunika chithandizo, wina angaone munthu amene adzabanso akangotuluka. Tizitchule kapena ayi? Nanga lipoti la dokotala wa ku Zomba Mental Hospital amaitanitsa ndani, ife kapena bwalo? Ndikufunanso woweruza adziwe kuti ndende imamulemera kawiri munthu wosamva: samva poitana mayina, samva lamulo la woyang'anira, ndipo akadwala sangafotokoze.

Chilango chikaperekedwa pamakhala masiku 10 okha opereka chidziwitso cha apilo. Ndalama ya loya tilibe. Tiyambire ku Legal Aid Bureau kapena kwa a PASI, bungwe la othandiza pa za malamulo amene amayendera ndende, ndipo tinyamule mapepala ati popita kumeneko?

Malume wothedwa nzeru,
Luchenza, Thyolo