Lipoti la msonkhano: kodi wodwala khansa ya chikhodzodzo avomere kemo asanachitidwe opaleshoni?

A Wapampando, a komiti, ndi inu nonse a m'gulu lathu la odwala khansa ndi owasamalira,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa madokotala a opaleshoni, madokotala a khansa ndi anamwino, ndipo munandisenzetsa funso lomwe latisautsa kuyambira pamene mnzathu wina wa kunyanja anauzidwa kuti khansa yake yalowerera mu mnofu wa khoma la chikhodzodzo ndipo ayenera kuyamba walandira kemo, omwe ndi mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, kwa miyezi itatu asanachotsedwe chikhodzodzocho. Mukukumbukira kuti banja lake linagawikana. Akazi awo ankafuna kutsatira za dokotala, pomwe achimwene awo ankati kemo imafoola munthu ndipo kudikira miyezi itatu n'kupatsa chotupa mpata woti chikule. Ndabwera ndi yankho, ngakhale kuti si la mawu amodzi.

Poyamba ndifotokoze chifukwa chimene madokotala amafunira kemo isanafike opaleshoni, poti ine ndemwe sindinkachimvetsa. Khansa ikangolowa mu mnofu, tizidutswa take tating'ono kwambiri timakhala titayamba kale kuyenda m'magazi mwa odwala ambiri, ndipo sikani singatione. Dokotala akhoza kuchotsa chikhodzodzo chonse mwaluso, koma patapita chaka kapena ziwiri matenda n'kutulukira m'mapapo, m'chiwindi kapena m'mafupa. Kemo imasaka tizidutswa timeneti. Chifukwa choiperekera patsogolo n'chakuti opaleshoni imeneyi ndi yaikulu, munthu amatenga nthawi yaitali kuti mphamvu zibwerere, ndipo ambiri amene amati adzalandira kemo akachira safika poilandira n'komwe.

Anatisonyeza umboni wake. Kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003 anatsatira odwala 317. Mwa amene anachitidwa opaleshoni yokha, theka linali litamwalira pofika miyezi 46, pomwe mwa amene anayamba ndi kemo ya mankhwala anayi yotchedwa MVAC zinatenga miyezi 77 kuti chiwerengero chifike pamenepo. Madokotala atapima zikhodzodzo zochotsedwazo anapeza kuti mwa odwala 38 pa 100 alionse amene anayamba ndi kemo simunatsale khansa yooneka, poyerekeza ndi 15 pa 100 mwa enawo. Mu 2005 akatswiri anaphatikiza akafukufuku 11 a odwala 3,005, ndipo anapeza kuti kemo yokhala ndi mankhwala a cisplatin inakweza chiwerengero cha okhalabe ndi moyo patatha zaka 5 kuchoka pa 45 kufika pa 50 mwa 100 alionse.

Pa nambala yomalizayi panali mtsutso ndithu. Namwino wina anafunsa ngati anthu 5 pa 100 ali okwanira kuti munthu avutikire miyezi itatu ya nseru, kufooka ndi maulendo a kuchipatala. Funso limeneli ndi lachilungamo, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti mwa anthu 20 olandira kemo, mmodzi ndiye amapulumuka chifukwa cha iyo, ndipo palibe njira yodalirika yodziwiratu kuti mmodziyo ndi uti. Ine maganizo anga ndi akuti mwayi umenewu si wochepa pa matenda amene amapha pafupifupi theka la odwala ake, ndipo atakhala mwana wanga ndingamulimbikitse kuti avomere. Komabe wodwala ayenera kuuzidwa nambalayi mosabisa, kuti asaganize kuti kemo ndi chitsimikizo cha kuchira, komanso kuti amene wakana asamaonedwe ngati wopanda nzeru.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndikuona kuti ndiyo yaikulu kwa ife. Umboni wonse ndatchulawu ukukhudza khansa ya mtundu wa urothelial, yomwe imayambira pa kakhungu ka m'kati mwa chikhodzodzo ndipo gwero lake lalikulu ndi fodya. Ku Ulaya ndi ku America odwala pafupifupi 9 mwa 10 ali ndi mtundu umenewu. Kwathu kuno zinthu n'zosiyana chifukwa cha likodzo. Mazira a tizilombo ta likodzo amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, amalitupitsa kwa zaka zambirimbiri, ndipo mapeto ake kwa anthu ena ndi khansa ya mtundu wina wotchedwa squamous. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika kachilomboka m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1994, ndipo ku Egypt, kumene likodzo linali lofala m'mbali mwa mtsinje wa Nile, khansa ya squamous inachepa likodzo litayamba kugonjetsedwa. Amene tinakulira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa kapena ku Chigwa cha Shire tikudziwa kuti mwana kukodza magazi sichinali chinthu chodabwitsa aliyense, ndipo ambiri mwa ife sitinamwepo mankhwala a likodzo a praziquantel tili ana.

Khansa ya squamous simva kemo ngati mmene imamvera inayo, ndipo palibe umboni wolimba woti kuyamba ndi kemo kumatalikitsa moyo wa munthu amene ali ndi squamous yokhayokha. Kwa wotere, madokotala ambiri amalangiza kuchita opaleshoni mosazengereza. Choncho achimwene a mnzathu uja sanalakwitse kwathunthu. Mawu awo akanakhala oona pa mtundu umodzi ndi olakwika pa mtundu winawo, ndipo chosiyanitsa ndi lipoti la ku labotale la kachidutswa kamene dokotala amapala m'chikhodzodzo podzera m'njira ya mkodzo. Anatichenjezanso kuti nthawi zina lipoti limasonyeza urothelial yosakanikirana ndi squamous, ndipo zikatero kemo imaperekedwabe. Ndikupempha kuti aliyense wa ife amene akuperekeza wodwala aziloweza funso ili: "Adokotala, khansayi ndi ya mtundu wanji, ndipo mwauona pa lipoti la ku labotale?"

Chachiwiri chimene chimagamula nkhaniyi ndi impso. Cisplatin ndi amene amagwira ntchito yaikulu pa kemo imeneyi, koma amavulaza impso, makutu ndi mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi. Saperekedwa kwa munthu amene impso zake zafooka, amene akumva movutikira, amene ali kale ndi dzanzi lalikulu, wa mtima wofooka, kapena amene wafooka moti sangathenso kugwira ntchito ngakhale zopepuka. Pafupifupi theka la odwala limalephera pa mayeso amenewa. Pali mankhwala ena ofanana nawo otchedwa carboplatin, ofewerapo ku impso, koma sanasonyeze phindu lomweli asanachitike opaleshoni, motero munthu wosayenera cisplatin amangopita ku opaleshoni. Kwathu kuno ambiri amafika kuchipatala chotupa chitatseka kale njira zotsitsa mkodzo kuchoka ku impso, ndipo pamafunika kuyamba aikidwa kapaipi kotulutsa mkodzowo kenako n'kupimanso magazi. Amene akumwa ma ARV auze dokotala wa khansa, poti tenofovir nayenso amalemetsa impso ndipo pangafunike kusintha mankhwala. Pa chifukwa chomwechi, brufen, diclofenac ndi mankhwala azitsamba asamwedwe popanda kufunsa.

Za kaperekedwe kake sinditalikitsa. Njira yofala ndi ya gemcitabine ndi cisplatin kudzera m'dilipi, pa tsiku loyamba ndi lachisanu ndi chitatu la masabata atatu alionse, mobwereza kanayi, ndipo opaleshoni imatsatira patatha masabata 4 mpaka 6. Anatchulanso mankhwala atsopano a durvalumab, amene kafukufuku wa mu 2024 anasonyeza kuti amawonjezera phindu akaphatikizidwa ndi kemo, koma ndi okwera mtengo kwambiri. Chimene ndikufuna chikhazikike m'mitima yathu ndi cha kutentha thupi. Kemo imatsitsa asilikali a m'magazi, ndipo wodwala akatentha kufika madigiri 38 ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, n'kunena kuti ali pa kemo. Chizolowezi chathu chongoti ndi malungo n'kugula mankhwala pa golosale chikhoza kutayitsa moyo m'masiku awiri.

Gawo limene linandikhudza kwambiri linali la tsiku lachiwiri. Madokotala anavomereza kuti mantha a kuchedwa ali ndi maziko, koma osati chifukwa cha kemo yeniyeniyo. Choopsa ndi kuduka kwa chithandizo pakati: ndalama ya thiransipoti yopitira ku Lilongwe kapena ku Blantyre ikatha pa ulendo wachiwiri, mankhwala akasowa, kapena tsiku la opaleshoni likamangosunthidwa. Choopsa china, chimene ine sindinachiganizirepo, ndi kupeza bwino. Kemo ikagwira, magazi amasiya kutuluka mu mkodzo, ululu umachepa, ndipo munthu amene amaopa kale kukhala ndi thumba la mkodzo pamimba moyo wake wonse amadziuza kuti wachira n'kusabwereranso. Koma ngakhale sikani itasonyeza kuti chotupa chazimirira, khansa imatha kutsalira m'khoma, ndipo wobwerera patatha chaka nthawi zambiri amapeza kuti opaleshoni singathekenso. Munthu wotere wavutika ndi kemo n'kutaya phindu lake lonse.

N'chifukwa chake ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno tikambirane zoti wodwala aliyense amene wavomera kemo tizimupezera ndalama ya maulendo onse asanayambe, m'malo mosonkha ulendo uliwonse payokha monga tachitira m'mbuyomu, komanso kuti womuperekeza azipempha dokotala wa opaleshoni ndi wa khansa kuti agwirizane za nthawi ya opaleshoni kemo isanayambe. Ndikupemphanso kuti anzathu awiri amene akukhala ndi thumba la mkodzo, ngati angalole, azicheza ndi odwala atsopano ndi mabanja awo, awaonetse mmene thumbalo limasinthidwira ndi kuwauza zoona za kusamba, kulima, kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti ndi za m'banja, poti opaleshoniyi imachotsanso prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kothandiza kupanga umuna) kwa abambo ndipo kawirikawiri chiberekero kwa amayi.

Za mnzathu wa kunyanja uja, ndinacheza ndi banja lake nditangobwerako, ndipo andilola kukuuzani kuti lipoti lawo likusonyeza urothelial. Chatsala ndi kupima impso sabata yamawa, ndipo achimwene awo anena kuti awaperekeza okha.