Usaike maburashi pansi, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Mawu amene unandiuza pa foni Lamlungu lija andisowetsa tulo. Unati ukufuna kusiya kujambula chifukwa sukulu ija sinakutenge, ndipo amene amakupatsa ntchito ndi achibale okha ofuna zithunzi za ana awo. Mawu oti "achibale okha" ndi amene anandipweteka.

Ku Cremona, m'dziko la Italy, kunabadwa mtsikana cha m'ma 1532, dzina lake Sofonisba Anguissola. Bambo ake, a Amilcare, anamutumiza pamodzi ndi mng'ono wake Elena kukaphunzira kujambula kwa mmisiri Bernardino Campi, zomwe makolo ambiri a nthawiyo sakanachitira mwana wamkazi. Komabe mkazi sankaloledwa kuphunzira thupi la munthu pojambula anthu osavala monga ankachitira anyamata, motero zithunzi zikuluzikulu za m'matchalitchi zinkapita kwa amuna. Sofonisba anatembenukira kwa a m'nyumba mwake. Mu 1555 anajambula ang'ono ake atatu, Lucia, Minerva ndi Europa, ali pa masewera a chess, wamng'onoyo akumwetulira mano poyera, mayi wantchito akusuzumira chapambali. Chithunzicho ndachiyang'ana kangapo pa intaneti, ndipo Europa amandikumbutsa iwe uli wamng'ono.

Mmisiri wotchuka Michelangelo ataona chojambula cha Sofonisba cha mtsikana akuseka, anamuuza kuti ayese mnyamata akulira, poti ndiye wovuta. Sofonisba anajambula mlongo wake Asdrubale atapanidwa chala ndi nkhanu. Sanapite kutali kukafuna womujambula.

Mu 1559 anaitanidwa ku nyumba ya mfumu Philip II ya ku Spain, kumene ankaphunzitsa mfumukazi Elisabeth kujambula. Atakalamba kwambiri, maso atachita mdima, mmisiri wina wojambula, Anthony van Dyck, anamuchezera ku Palermo mu 1624 n'kulemba malangizo amene gogoyo anamupatsa.

Ine ndinakulakwira pamene ndinkati kujambula sikudyetsa munthu, ndipo ndinachedwa kukugulira penti. Undikhululukire. Koma zithunzi za ana a abale ako usazipeputse, ndipo usazijambule ulere, tchula mtengo ngakhale kwa azakhali ako. Sukuluyo ulembenso chaka chamawa, ndalama za fomu ndidzapereka ine.

Ukamabwera pa Khirisimasi utenge zida zako. Agogo ako avomera kukhala pa khonde kuti uwajambule, angopempha kuti adzavale duku lawo latsopano.

Ndine,
Bambo ako