Chithunzi cha maloto chimabadwira mu mdima wa pa mkuwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa zithunzi zosindikizidwa kuchokera pa puleti ya mkuwa yodyedwa ndi mankhwala, zomwe amati etching, makamaka zija zooneka ngati maloto. Ambiri akaziona amathamangira kutama zilombo zachilendo zomwe zajambulidwamo. Ine ndikuti chimene chimagwira mtima ndi mdima umene zilombozo zikutulukamo, ndipo mdimawo mmisiri amachita kuupanga, akuwerenga mphindi.

Taonani chithunzi cha nambala 43 mwa zithunzi 80 za Los Caprichos zomwe Francisco Goya wa ku Spain anatulutsa mu 1799. Munthu wagona chozyolika pa tebulo. Akadzidzi amene ali pamsana pake akuoneka bwino mpaka nthenga, koma mileme ya kumbuyo ndi zithunzithunzi zakuda zongosungunukira mu chimbuuzi. Naye Giovanni Battista Piranesi wa ku Italy, zithunzi zake za ndende zongopeka zija za makwerero osafika kulikonse, zotchedwa Carceri, anazikonzanso mu 1761 n'kuzidetsa kwambiri, ndipo m'pamene zinayamba kuopsa zenizeni.

Ntchito imayamba ndi kutsuka puleti ndi ufa wa choko wosakaniza ndi viniga. Mukathirapo madzi ayenera kuyala ponseponse. Akachita timadontho ndiye kuti mafuta a zala akadalipo, phula silidzagwira, ndipo mankhwala adzalowa pansi pake n'kuboola malo osayenera. Kenaka pakani phula lopyapyala lotchinga mankhwala, matani kumbuyo kwa puleti, n'kujambula ndi singano. Singanoyo isakumbe mkuwa, ingochotsa phula basi. Okumba ndi mankhwala otchedwa ferric chloride, amene saotcha mphuno ndi utsi woipa ngati nitric acid. Koma amasiya matope m'mizere, choncho puleti muiike choimirira kapena chozondoka kuti matopewo azigwa, apo ayi mizere imaleka kuzama.

Chimbuuzi chija chimachokera ku aquatint. Mumawaza ufa wa utomoni pa puleti mpaka utaphimba pafupifupi theka la mkuwa, n'kuwotcha chapansi pang'onopang'ono kuti timbewu tiwale ndi kumata. Valani chotchinga pamphuno, chifukwa ufawu umawononga mapapo. Moto ukachuluka timbewu timasungunuka n'kulumikizana, mankhwala osapeza polowa, ndipo pepala limatuluka loyera. Ukachepa, timbewu timayoyoka m'beseni. Zikakhala bwino, mankhwala amadya mipata ya pakati pa timbewuto, ndipo timaenje timeneto ndi timene timasunga inki.

Tsono apa ndi pamene pagona luso. Malo oyera kwambiri, monga nkhope ya wogonayo, mumayamba kuwatseka ndi vanishi. Mumviika puleti m'mankhwala, mutulutsa, mutseka malo otsatira, mumviikanso, ndipo nthawi muziiwirikiza: mphindi imodzi, ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Yesani kaye pa kachidutswa ka mkuwa, pakuti mankhwala akazizira kapena akakalamba amadya mochedwa. Ophunzira ambiri amalakwira pofuna chikuda chenicheni: amasiya puleti nthawi yaitali, mankhwala n'kudya makoma a timaenje tija mpaka kugwa. Inki imasowa pogwira, ndipo mmalo mwa usiku wa bii mumapeza phulusa lotuwa.

Burashi ya vanishi imasiya malire akuthwa, pomwe maloto safuna malire otere. Yankho lake ndi kachitsulo kosalala kopukutira: donthezani mafuta pang'ono, sisitani timaenje mofatsa, ndipo kuwala kumatuluka mu mdima ngati nkhungu ikuyera.

Posindikiza, pepala likhale lonyowa koma losadontha, kuti lilowe m'mizere pamene makina akulipsinja. Inki muipukute ndi nsalu yolimba yamaukonde, koma osapukuta mpaka mbee. Kautsi kotsala pamwamba kamalumikiza zinthu zonse mu mpweya umodzi. Kumbukiraninso kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka, dzanja lamanja kukhala lamanzere.

Pempho langa kwa olemba za luso m'nyuzipepala yanu ndi lakuti aziuzanso owerenga ngati chithunzi chili cha kusindikiza koyamba kapena kwa pambuyo. Mkuwa ndi wofewa, timaenje ta aquatint timaphwa msanga m'makina, ndipo zithunzi za Goya zosindikizidwa patapita zaka zambiri iye atamwalira mu 1828 zili ndi akadzidzi omwewo koma usiku wake ndi wothetheka.

Wowerenga wanu,
Wokonda luso la zosindikiza