Tiyeze nthaka tisanagule feteleza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chizolowezi chimene chikutitayitsa ndalama ife alimi a chimanga, tirigu, mpunga ndi mapira, chomwe ndi kugula feteleza yemweyemweyo chaka ndi chaka osadziwa chimene nthaka ikusowa.

Ineyo ndinavutika zaka zingapo ndi munda wina umene chimanga chake chinkangopinimbira, masamba ali ofiirira chikadali chaching'ono. Poganiza kuti feteleza ndiye akuchepa, ndinkangowonjezera matumba. Nditakayezetsa dothi, zinapezeka kuti pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) inali pansi pa 5.5, kutanthauza kuti asidi anali atachuluka. M'dothi lotere fosifolasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu, amamangika moti mbewu sizimupeza, ndipo aluminiyamu amawononga mizu. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti yuriya amene ndinkamudalira, ngakhale ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 46 pa 100 alionse, amawonjezera asidi m'nthaka akamathiridwa zaka zambiri. Munda uja unkafuna laimu, amene amachepetsa asidi m'nthaka, ndi manyowa poyamba.

Kutenga dothi lokayezetsa sikovuta, koma kumafuna chisamaliro chifukwa dothi lotengedwa molakwika limapereka zotsatira zosocheretsa. Mlimi ayende mokhotakhota m'munda, akumbe malo 15 kapena 20 mozama masentimita 20, asakanize dothilo m'ndowa yoyera yapulasitiki, kenako atapepo pafupifupi theka la kilogalamu n'kuliyanika pamthunzi. Apewe pachulu, pansi pa mtengo, ndi pamene panali mulu wa manyowa kapena phulusa. Dothi lakumtunda ndi lakudimba lisasakanizidwe, ngakhale munda uli wa munthu mmodzi. Kuchita zimenezi kamodzi pa zaka zitatu kapena zinayi n'kokwanira.

Nawo masamba amatiuza zambiri. Chimanga chikasowa nayitirojeni, masamba akumunsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati, koma chikasowa salufa ndi masamba anthete akumwamba amene amayezuka. Potaziyamu akachepa, m'mphepete mwa masamba akumunsi mumaoneka ngati mwapsa. Komabe maso okha sakwanira, pakuti mbewu imayamba kutaya zokolola zizindikiro zisanaoneke, ndipo chilala kapena matenda zimatha kufanana ndi kusowa kwa chakudya. N'chifukwa chake akatswiri amayeza tsamba la pachisononkho pamene chimanga chikutulutsa ndevu, kuti aone ngati chimene chinathiridwa chinalowadi m'mbewu.

Pempho langa likupita kwa oyeza nthaka ndi alangizi a zaulimi. Zotsatira zizibwera mvula isanagwe, mlimi asanagule kanthu, makamaka popeza laimu amafunika kuthiridwa kukadali miyezi kuti agwire ntchito. Zizilembedwanso momveka, zonena mtundu wa feteleza, makilogalamu ake pa hekitala ndi nthawi yothira, osati manambala okhaokha amene mlimi amangowapinda n'kuwasunga m'thumba.

Ine wowerenga wanu,
Mlimi wa chimanga